Alleluya Band: gulu la pa mishoni lomwe linamveketsa Balaka

Mu 1978 Balaka sinali boma. Inali siteshoni ya sitima, msika wa thonje ndi mashopu angapo m'mbali mwa msewu, ndipo munthu wofuna kuonana ndi DC ankawoloka Shire pa Liwonde kupita ku boma lomwe kale linkatchedwa Kasupe, lomwe lero timati Machinga. Balaka inadzakhala boma palokha mu 1998. Koma pofika chaka chimenecho dzina lake linali litalowa kale m'nyumba iliyonse yomwe munali wailesi ya kaseti, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndipo amene analifikitsa kumeneko anali anyamata oyimba a pa parishi ya St Louis Montfort, gulu lotchedwa Alleluya Band, pamodzi ndi mtsogoleri wawo woyimba gitala ndi kupeka nyimbo, a Paul Banda.

Gululi linabadwa mu Januwale 1978. Amene analiyambitsa ndi Bambo Mario Pacifici, wansembe wa chipani cha a Montfort wochokera ku Italy, amene anali atangofika kumene kudzatumikira mu dayosizi ya Mangochi. A Montfort sanali alendo m'derali. Anafika m'dziko muno mu 1901 n'kukhazikika ku Nzama m'boma la Ntcheu, ndipo mishoni ya Utale, kufupi ndi Balaka, ndi imodzi mwa mishoni zawo zakale. Chachilendo chinali chakuti wansembe wachinyamatayu anaona anyamata okonda kuyimba, ena mwa iwo ochokera m'mabanja osauka kwambiri, n'kuganiza zowapatsa zida zenizeni m'malo mowauza kuti asiye phokoso akalowe kwaya. A Paul Banda, a m'mudzi wa Sosola, anali mmodzi wa anyamatawo, ndipo sipanatenge nthawi kuti aliyense aone kuti gululo lidzayenda ndi zala zawo.

Kuti timvetse kukula kwa mphatso imeneyi, tikumbuke momwe woyimba ankakhalira masiku amenewo. Mnyamata wa kumudzi ankayamba ndi banjo ya chigubu cha mafuta, nsambo zake zochokera ku waya wa mabuleki a njinga. Akakula n'kufuna gitala ya magetsi, njira zinali zochepa. Ankayenera kulowa MBC Band, Police Orchestra kapena gulu la asilikali, apo ayi kukagwira ntchito kwa mwini hotela kapena mwini bala amene anagula zida. Kumeneko mwini zida ndiye anali mwini gulu. Mukayambana naye Loweruka, Lolemba muli panja opanda ngakhale chingwe cha gitala. Magulu ambiri abwino a ku Blantyre anatha motero, oyimba ake akadali ndi mphamvu. Akatswiri ena, monga Daniel Kachamba wa ku Chileka ndi Allan Namoko wa ku Thyolo, anatchuka ndi zida zosalira magetsi, ndipo ngakhale dziko lonse linkawadziwa, sanalemere nazo. Ku Balaka zida zinali za mishoni, zobwera mothandizidwa ndi abwenzi a ku Italy, ndipo sizinkayembekeza kuti mowa ugulidwe kuti zilire.

Zaka zomwezo gitala ya magetsi inali itapenga kumaiko ena. Ku Birmingham, mzinda wa mafakitale ku England, gulu la Black Sabbath linayamba mu 1968, ndipo woyimba gitala wake, Tony Iommi, anali atadulidwa nsonga za zala ziwiri ndi makina pa fakitale ya zitsulo. Anadzipangira tizisoti ta zala, nakhwefula nsambo kuti zisamupweteke, ndipo gitala yake inayamba kulira mozama, molemera, ngati kugunda kwa mvula ili patali. Kulira kumeneko ndi komwe kunabala nyimbo zomwe azungu amati heavy metal. Sikuti zinathera kwa azungu okha. Kwa anansi athu ku Zambia, kumene ndalama za kopa zinkagula zokuzira mawu ndipo a Kenneth Kaunda analamula kuti wailesi iziyimba kwambiri nyimbo za m'dzikomo, kunabuka Zamrock. Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family, komanso WITCH ndi Amanaz, ankaliza magitala okalipa osasiyana kwenikweni ndi a ku Birmingham, ena akuyimba m'Chinyanja cha ku Lusaka.

Kuno sizikanatheka. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, wailesi inali imodzi yokha, ndipo mwamuna wosunga tsitsi lalitali ankametedwa, ngakhale mlendo wongotsika ndege pa Chileka. Mnyamata wovala zikopa zakuda, tsitsi lili m'mapewa, akukalipitsa gitala pa msonkhano wa anthu, akanagona m'chitolokosi asanamalize nyimbo yachiwiri. Choncho gitala ya ku Malawi inaphunzira ulemu. Ya a Paul Banda inali yoyera, yosakalipa, yoyankha mawu a woyimba m'malo mopikisana nawo. Ndikaimva lero ndimaona kuti luso lake lili pa kudziletsa: amadziwa pamene gitala iyenera kulankhula ndi pamene iyenera kupatsa mpata uthenga. Ena anganene kuti uko n'kuopa. Ine ndimati munthu amene anakulira m'kwaya ya Akatolika, momwe mawu anayi amayenera kumvana, sakanayimba mwanjira ina.

Pamenepa ndi pomwe panagona nzeru ya gululi. Msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri, womwe unatha mu 1965, unali utatsegula khomo kuti chinenero cha anthu, ng'oma ndi visekese zilowe m'tchalitchi. Koma gitala ya magetsi, besi ndi ng'oma zachizungu zinali zikadali ndi fungo la ku bala m'maganizo a akuluakulu ambiri a mpingo. Alleluya inatenga zida zokayikitsazo n'kuziyimbitsa za mtendere, chikondi, chilungamo ndi kusankha njira yabwino, m'Chichewa chomveka kwa gogo ndi mdzukulu yemwe. Pansi pake inayala kagundidwe ka reggae ya ku Jamaica, koma koziziritsidwa, kosakaniza ndi kayimbidwe ka kwaya ndi ka magule a kumudzi. Munthu ankatha kuvina osachita manyazi pamaso pa apongozi. Ndipo popeza mawu ake ankachokera ku Baibulo ndi ku chiphunzitso cha mpingo, wofuna kuwaletsa ankasowa pogwira, ngakhale omvera ankadziwa kuti nyimbo yopempha chilungamo m'dziko la chipani chimodzi siyikunena za kumwamba kokha.

Balaka ndi Machinga ndi dera la anthu osakanikirana: Ayao, Angoni, Alomwe, Amang'anja, Asilamu ambiri ndi Akhristu ambiri, mzikiti ndi tchalitchi zikuyang'anizana. Gulu la mpingo umodzi likanatha kungokhala la mpingowo. Alleluya sinatero. Nyimbo zake zinkalira m'mabasi, m'magolosale a ku Liwonde ndi ku Ntaja, pa maukwati a anthu amene sanapondepo pa khomo la parishi.

Mu 1984 ntchito ya Bambo Mario inakula n'kubala Andiamo, bungwe la achinyamata lomwe m'kupita kwa zaka linadzakhala ndi sukulu ya ntchito zamanja, sukulu ya sekondale, chipatala ndi malo ophunzitsira nyimbo. Gulu loyimba linakhala nkhope ya zonsezi. Chimenechi n'chofunika kuchigwira bwino, chifukwa ndicho chimasiyanitsa Alleluya ndi magulu ena onse a m'dziko muno. Silinali gulu la munthu mmodzi wotchuka ndi antchito ake. Linali nthambi ya bungwe lokhala ndi malo, nyumba, galimoto ndi abwenzi akunja, ndipo mwana wolowamo ankayamba ndi kunyamula masipika, kukulunga zingwe, kuyimba kumbuyo, mpaka tsiku lina kupatsidwa gitala kapena maikolofoni ya kutsogolo.

Mmodzi wa ana oterowo anali mng'ono wawo wa a Paul, Lucius Banda, wobadwa pa 17 Ogasiti 1970. Anayamba kuyimba ndi achimwene ake ali ndi zaka 13, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 anali akuoneka pa nsanja ndi Alleluya. Abale awiriwa anali osiyana mtima. Wamkulu anali wofatsa, wa kuseri, wokonda kukonza nyimbo mpaka ikhale bwino. Wamng'ono anali ndi pakamwa, ndipo nthawi yomwe inkabwera inkafuna munthu wa pakamwa.

Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, yomwe inawerengedwa m'matchalitchi onse tsiku limodzi. Kalatayo inasindikizidwa ku Balaka, pa makina a a Montfort, ndipo patangopita masiku ochepa nyumba yosindikizirayo inatenthedwa. Anyamata a Alleluya sanamve nkhaniyi pa wailesi, utsi anauona ndi maso. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, Amalawi anavota pa riferendamu kusankha zipani zambiri, ndipo chaka chomwecho Lucius anali ku Johannesburg, kumene anaphunzira nyimbo ku Dorkay House n'kujambula chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man. Nyimbo ya Mabala ya m'chimbalecho inatchula poyera zowawa zomwe anthu ankangonong'onezana kwa zaka 30. Zomwe Alleluya inkanena mophiphiritsa pansi pa denga la tchalitchi, mwana wake anazinena pa msewu. Pa 17 Meyi 1994 dziko linasankha a Bakili Muluzi, mwana wa kwa Kapoloma m'boma lomwelo la Machinga, kukhala mtsogoleri, ndipo kwa zaka zingapo zinkaoneka ngati ndale ndi nyimbo za dziko lino zonse zikuchokera m'chigawo chimodzi cha m'mbali mwa Shire.

Komabe chomwe chinasandutsa Balaka likulu la nyimbo si ndale. Ndi situdiyo. Kale woyimba wofuna kujambula ankapita ku MBC ku Blantyre, tepi n'kutsala komweko, iye n'kubwerera kwawo ndi dzina lokha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Balaka kunatsegulidwa situdiyo ya Imbirani Yahweh, yomwe ambiri ankangoti IY, ndipo amene ankakhala pa makina ake anali a Paul Banda. Apa ndi pomwe woyimba gitala uja anasanduka mphunzitsi wa m'badwo wonse. Mnyamata ankatsika basi ndi nyimbo zake m'mutu, nthawi zina osadziwa kugwira chida chilichonse. A Paul ankamumvetsera, kumupezera kiyi yoyenera mawu ake, kuyala ng'oma ndi besi, kuyikapo kiyibodi, kulizapo gitala, kumuitanira oyimba kumbuyo. Ankatuluka ndi chimbale. Kuchoka apo ulendo unali wa kwa O.G. Issa, wamalonda amene ankagula ndi kugawa makaseti m'dziko lonse, ndipo sabata zingapo nyimboyo inali m'minibasi.

Mayina omwe anadutsa m'manja a gululi ndi situdiyoyi ndi ambiri moti kuwatchula onse kungakhale kuwerenga kaundula wa nyimbo za m'ma 1990. Charles Sinetre, Coss Chiwalo, Foster Chimangafisi, Isaac Liwotcha, Paul Subili ndi Rod Valamanja ndi ana a m'nyumba ya Alleluya. Billy Kaunda, Mlaka Maliro ndi Charles Nsaku anatchuka ndi kayimbidwe komweko, komwe atolankhani anakatcha Balaka reggae. Paul Chaphuka anasiya chimbale chimodzi, Ndichiritseni, n'kumwalira mu 1997 dziko likungoyamba kumudziwa. Zaka zomwezo, mu 1992, bungwe la COSOMA linayamba ntchito yoteteza umwini wa nyimbo ndi zolembalemba.

Pano ndiyenera kunena zomwe okonda Balaka sakonda kumva. Situdiyo yomwe inatsegulira osauka khomo ndi yomwenso inafooketsa gitala. Kujambula gulu lathunthu, woyimba ng'oma, wa besi, wa magitala awiri, kumafuna nthawi, malo ndi ndalama. Kiyibodi imodzi ndi makina a ng'oma zimachita zonsezo masana amodzi. Pamene a Paul ankagwiritsa ntchito makinawo ndi khutu la munthu amene anayimba pa nsanja zaka zoposa khumi, owatsanzira m'masitudiyo ang'onoang'ono omwe anabuka m'matauni anangotengapo kagundidwe kokha. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 makaseti ambiri ankamveka ngati nyimbo imodzi yosinthidwa mawu, ndipo m'badwo wa anyamata unakula ukuganiza kuti woyimba ndi munthu wogwira maikolofoni basi. N'zodabwitsa kuti kayimbidwe koyambitsidwa ndi katswiri wa gitala kanathera pa kusowetsa ntchito oyimba gitala. Mlandu umenewu si wa a Paul okha, umphawi wa msika wathu uli ndi gawo lalikulu, koma mbiri yoona ya Balaka siyingaulambalale.

Mpikisano unabwera kuchokera ku Chileka. Evison Matafale ndi Black Missionaries anabweretsa reggae yolimba, ya Chirasta, yoyimbidwa ndi gulu lamoyo, ndipo Matafale atamwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, gulu lakelo linapitiriza n'kulanda mabwalo ambiri a zisangalalo. Pambuyo pake kunabwera achinyamata a m'tauni ndi nyimbo zopangidwa pa kompyuta, makaseti anatha, ma CD anayamba kukopedwa pa msika, ndipo njira yakale yochokera ku IY kupita kwa O.G. Issa inatsekeka.

Gulu lina likanafera pomwepo, makamaka poti otchuka ake anali atachoka kale. Lucius anayambitsa Zembani Band mu 1997, n'kutenga njira yakeyake yomwe inamupatsa dzina lakuti Soldier. A Paul nawo anadzasiya utsogoleri wa tsiku ndi tsiku m'manja mwa achinyamata omwe anawaphunzitsa, monga a Sinetre ndi a Chiwalo. Koma Alleluya inali itamangidwa mwanjira yoti munthu akachoka, gitala imatsala, ndipo pamakhala wina amene wakhala akuyiyang'anitsitsa kwa zaka zitatu akudikira. Kuchoka kwa akatswiri, komwe kumapha magulu ena, kuno kunali ngati kumaliza sukulu.

Chinanso chomwe chinalisunga ndi ulendo wa ku Italy. Kwa zaka zambiri gululi lakhala likupita kumeneko nyengo yotentha ya ku Ulaya, kukayimba m'maparishi ndi m'mabwalo a m'matauni, ndipo ndalama zopezeka zimathandiza sukulu, chipatala ndi ntchito zina za Andiamo. Oyimba a ku Balaka akhala akumangitsa makalasi ndi mawu awo, zomwe magulu ochepa mu Africa anganene. Koma ulendowu uli ndi mtengo wake. Omvera a ku Italy amafuna ng'oma, magule ndi zovala zamakolo, pamene omvera a ku Balaka amafuna nyimbo yatsopano yowakhudza pa zomwe akukumana nazo chaka chino. Kutumikira onse awiri n'kovuta, ndipo zaka zina gululi lamveka kwambiri kunja kuposa pa wailesi za kwathu. Wachinyamata wa ku Lilongwe lero akhoza kuyimba nyimbo ya Lucius yonse pamtima koma osadziwa kuti Alleluya ikadalipo.

Za Lucius zinapitirira m'njira yomwe aliyense akuidziwa. Anapambana mpando wa phungu wa Balaka North mu 2004 pa tikiti ya UDF, anautaya mu 2006 atamangidwa pa mlandu wokhudza satifiketi ya sukulu, khoti lalikulu linamumasula pa apilo, ndipo anatuluka ku ndende ya Zomba ndi chimbale cha Cell 51 Maximum. Anabwereranso ku Nyumba ya Malamulo mu 2014, atayambitsa kale chikondwerero cha Sand Music Festival m'mbali mwa nyanja, ndipo pomaliza anali mlangizi wa mtsogoleri wa dziko pa nkhani za achinyamata ndi luso. Anamwalira ku South Africa pa 30 Juni 2024 n'kuikidwa kwawo ku Balaka. Pa maliro ake panasonkhana oyimba a mibadwo itatu, ndipo ambiri mwa iwo, ukawafunsa kumene anayambira, njira yake imakafika pa khomo limodzi lomwelo la parishi ndi kwa mkulu wake wa malemuyo.

Dziko limakumbukira woyimba wa kutsogolo, ndipo n'chifukwa chake mbiri ya Balaka imakambidwa kawirikawiri ngati mbiri ya Soldier. Koma Soldier anapeza zida zili kale, gulu lili kale, mkulu wake atapeka kale kayimbidwe, wansembe atapeza kale abwenzi olipira mafuta a galimoto. Anthu anapatsa a Paul Banda dzina laulemu lakuti Sir popanda mfumu ya ku England kuwakhudza ndi lupanga paphewa, ndipo sanalakwitse. Pa oyimba gitala onse a dziko lino, alipo ena amene zala zawo zinkathamanga kuposa za a Paul, koma palibe amene anatulutsa oyimba ambiri chotere.

Mu 2018 Alleluya inakwanitsa zaka 40, ndipo mu 2028 idzakwanitsa 50. Nyimbo zambiri za zaka zake zoyambirira, pamodzi ndi zimbale zomwe zinajambulidwa ku IY, zili pa makaseti omwe akudyedwa ndi chinyezi ndi fumbi m'makatoni a anthu, ndipo zomwe zili pa YouTube nthawi zambiri n'zokopedwa ku tepi yotopa, zopanda chaka, zopanda dzina la amene analiza gitala kapena besi. A Andiamo, a COSOMA ndi a MBC ali ndi zaka zochepa zoti asonkhanitse matepi amenewa, awasamutsire pa kompyuta, ndi kukhala pansi ndi oyimba akale omwe akadali moyo kuti alembe amene anayimba chiyani, liti, ndi chida chanji. Ndipo inu amene muli ndi kaseti ya Alleluya m'sutikesi ya malemu bambo anu, musaitaye posesa m'nyumba. Ipititseni ku Balaka.